Milomo Patsogolo, Mawu Pambuyo

Lolemba, 14 Julaye 2025

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri silikuoneka, ngakhale mitengo ya m'munsi mwa Likhubula. Nkhuku 14, mazira 6. Bondo lakumanzere likudandaula.

Koma nyumba yadzaza, mtima wanga mbee. Brenda, mdzukulu wanga wa kwa mwana wanga Annie, wafika ndi katundu yense wa ntchito yake yokonza makanema, pamodzi ndi mnzake wa ntchito, Godwin, katswiri wa zamawu. Ku boma anawakwezera lendi. Ndawapatsa zipinda ziwiri zakutsogolo, zimene zinali golosale ya malemu amuna anga. Makatoni 9. Mawaya ndinalephera: nditafika pa 23 anayamba kulowana ngati nyongolotsi m'chitini.

Makompyuta awiri. Ya Brenda ya zithunzi, ya Godwin ya mawu, iliyonse chipinda chake, poti Godwin safuna phokoso. Pakati pawo waya mmodzi wabuluu, wotuluka pa zenera la Brenda, kudutsa pakhonde, n'kulowa pa zenera la Godwin. Akuti Brenda akadina batani kuti kanema ayende, mawu kwa Godwin azinyamuka nthawi yomweyo. Anthu awiri osinja mumtondo umodzi. Wina akaphonya, misi igundana.

Ntchito yoyamba m'nyumba muno: kanema wathu! Gulu lathu la amayi 12, anatijambula Okutobala watha m'mphepete mwa munda wa tiyi. Nyimbo 8, za Chilomwe zokhazokha, zimene amayi ankayimba pothyola. Wotsogolera a Eneles, amene anathyola tiyi zaka 34. Ine sindinathyolepo ngakhale tsamba. Ndinali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya pa esiteti. Ndinalowa gulu chifukwa cha iwo. Tsiku lina anandipeza ndikumvetsera kuseri kwa mpanda, anati munthu womvetsera chonchi ndi kazitape kapena woyimba, sankhani.

Mu Febuluwale a Eneles anachita sitiroko. Dzanja lamanja, mwendo, pakamwa. Mawu amabwera, koma mochedwa, limodzilimodzi. Mwana wawo Danieli akubwera kudzawatenga Lolemba likubwerali, azikakhala nawo ku Lilongwe. Ndani akudziwa ngati adzabwererenso.

Choncho kanema athe pofika Lamulungu. Adzione akuyimba asanachoke. Ndamuuza Brenda kuti lendi yanga ndi imeneyo, ina sindifuna.

Lachiwiri, 15 Julaye

Mazira 5. Nkhuku yakuda yayamba kubisa.

M'mawa zonse bwino. Ndinakhala kumbuyo kwa Brenda ndi kapu yanga, kudziona pa sikirini. Mayo ine, chilundu chija chinandikhala! Anzanga onse awerama m'tiyi, madengu kumsana, nkhope pansi. Ine ndekha chilili pakati ngati mlongoti, poti kuthyola sindidziwa, ndipo tsikulo anati aphunzitsi aime pamenepa. Ndinaseka mpaka tiyi kutayikira pa siketi.

Madzulo zinasokonekera. Brenda adina, kwa Godwin zii. Pa sikirini kauthenga kofiira, kuti kompyuta inzake sikuoneka. Adinanso, mawu anyamuka, ayenda pang'ono, aima. Kukuwirana kudzera m'khoma. "Watani iwe?" "Ine sindinakhudze kanthu, wakhudza ndiwe!" Anazimitsa zonse n'kuyatsanso, kanayi. Godwin anazula waya, kuuzira pakamutu pake ngati akukoleza moto, n'kubwezeretsa. Chimodzimodzi. Brenda anati mwina khoswe.

Khoswe wake ndine. Chiperoni chikayamba kulowa ndimatseka mazenera onse 11, kuyambira kuchipinda kwanga n'kuzungulira, ndipo chogwirira ndimakoka mpaka chilire. Zaka zonsezi. Godwin potsata waya ndi zala anapeza pamene chitsulo cha zenera chinamuluma. Waphwatalala ngati nzimbe yotafuna. Malo awiri, zenera lililonse pake.

Anaima naye m'manja. Mwana waulemu. "Anganga, kapena mphepo ndi imene inatseka?" Ndinati mphepo ya ku Likhubula sidziwa kukhoma loko. Brenda anakhala pansi ndi phwete.

Waya wina analipo m'katoni yachisanu ndi chiwiri. Ndawalola kuboola khoma lapakati. Malemu akanaona! Kabowo kolowa chala chachikulu, fumbi ndowa theka. Tsopano mazenera anga otseka, waya wawo pamtendere. Kauthenga kofiira kapita.

Ndagona ndikuseka ndekha.

Lachitatu, 16 Julaye

Magetsi anazima, abwera tikumwa tiyi. Dzuwa pang'ono. Nsonga ya phiri la Chambe inasuzumira n'kubisalanso.

Godwin anagwira m'mawa wonse kuchotsa mphepo ndi kulira kwa thirakitala m'nyimbo zitatu zoyamba. Anandiveka zomvera zake zam'makutu, zazikulu ngati zikho. A Eneles m'mutu mwanga mwenimweni! Ngakhale kupuma kwawo asanayambe mzere. Ndinapempha kubwereza katatu.

Masana ntchito yonse ija yasowa. Thirakitala yabwerera m'nyimbo ngati sinachokepo. Godwin manja kumutu.

Mmene ndamvera: makompyuta awiriwa amasungirana ntchito kudzera pa waya uja. Ina ikaona kuti inzake ili ndi chatsopano imatenga, chakale n'kutaya. Chatsopano imachidziwa poyang'ana tsiku. Ndiye ya Godwin, yogula kwa munthu wochokera ku Joni, magetsi akazima imaiwala kalendala. Lero inadzuka ikuganiza kuti tili mu Januwale 2012. Ntchito ya lero inalembedwa 2012, ya Brenda n'kuti ichi n'chakalekale, n'kuphimba ndi cha dzulo. Anazindikira ndi Brenda, atangoyang'ana pakona pa sikirini ya mnzake.

Mankhwala ake kabatire kangati ndalama yachitsulo, kokhala m'mimba mwa kompyuta. Godwin anakwera kabaza mpaka ku Chitakale. K2,500 kanthu kochepa chonchija! Ndinapereka ya mazira.

Mu 2012 ndinali ndi mano onse, amuna anga ali moyo. Ndamuuza Godwin kuti kompyuta yake ili ndi nzeru, inasankha chaka chabwino.

Iye akubwereza ntchito, ine ndinapita kwa a Eneles ndi kalongonda, nyemba zathu zouma mutu, wophika kuyambira dzulo. Ndinawapeza pakhonde m'bulangete. Ndinawafotokozera za zenera. Anaseka mbali imodzi ya nkhope mpaka misozi. Kenako pakamwa panatseguka, kudikira, kudikira. "Khoswe... wa... magalasi."

Sanasinthe munthuyu. Zaka 31 akundinyoza, ndipo sindinakhutebe.

Lachinayi, 17 Julaye

Tsiku lokoma kwambiri. Masamu!

Waya ali bwino, kalendala ili bwino, kwatuluka nthenda ina. Kanema poyamba, zonse pamodzi. Pofika nyimbo yachinayi mawu atsogolako pang'ono. Pa yomaliza mawu atha, ife tikadali kukamwa yasa ngati nsomba.

Brenda anandipatsa ntchito. Kompyuta iliyonse ili ndi wotchi yake ya kanemayo. Iye aimitsa, awerenga yake. Godwin akuwa yake kudzera pa kabowo. Ine ndi pensulo ndichotsera. Kabowo kaja tsopano ndi telefoni. Pa mphindi 17 kusiyana sekondi imodzi. Pa 33, awiri. Pothera, mphindi 50, atatu. Mzere wowongoka ngati wa rula. Ndinati ana inu, cholakwa chokula mwadongosolo chonchi si changozi, chili ndi mwini wake. Gawo limodzi pa chikwi. Mwini wakeyo ine sindimudziwa. Brenda anangoti "Pa chikwi?" n'kudumpha, mpando kugwa.

Ndaphunzira lero, pa zaka 76: kanema sayenda. Ndi zithunzi zoima, zambirimbiri, zothamangitsidwa. Kamera ya Brenda, yakaunjika ya ku Amereka, imajambula zithunzi 29.97 pa sekondi. Osati 30. 29.97! Ndinafunsa kuti kachidutswa kosowako kanapita kuti, akuti nkhani yaitali ya makina akale. Kompyuta ya Godwin inkawerenga 30 yathunthu, ndiye inkathawa inzake pang'onopang'ono. Anasintha nambala imodzi. Basi.

Ndinatsimikiza papepala. 0.03 kugawa ndi 30. Chimodzi pa chikwi ndendende. Ndinamva ngati chaka chija Sitandade 8 yanga inakhoza yonse.

Tinagula chinanazi chachikulu kwa mayi wodutsa, kudyera pakhonde, madzi kuyenderera m'zigongono. Godwin anamusendera Brenda gawo lake, n'kuchotsa ndi timaso tomwe. Ndaona. Kachiwiri sabata ino.

Mawa kumaliza, Loweruka kupuma, Lamulungu chionetsero. Ndachapa kale chilundu.

Lachisanu, 18 Julaye

Sindinadye bwino.

Manambala onse akugwirizana. Wotchi ya Brenda, wotchi ya Godwin, chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pothera. Koma taonani. Kamera ikakhala pa ine, milomo ndi mawu ndendende. Ikatembenukira kwa a Eneles, amene ali chakutsogolo kumbali, pafupi ndi maikolofoni: pakamwa patseguka, zii, kenako mawu. Ikabwerera kwa ine, bwinonso. Brenda anawerenga chimodzichimodzi. Zithunzi 11. Sekondi kuigawa patatu, gawo limodzi, kupitirira pang'ono.

Kanthu kochepa. Koma ndi mmene alili pano. Pakamwa kutsogola, mawu kutsalira.

Ndinatuluka, kukaima ku khola la nkhuku. Tiwaonetse zimenezi? Munthu akufuna kudziona mmene analili, ife n'kumuonetsa matenda ake atavala chilundu chatsopano? Bola osaonetsa n'komwe.

Godwin akuti poti vuto likubwera n'kupita, ndi netiweki basi. Anabwereka waya wina kwa mnzake wa ku boma. Anazimitsa foni zonse m'nyumba, ngakhale yanga ya mabatani. Anasuntha wailesi yanga kupita nayo kukhitchini. Anafufuta pulogalamu yolumikizira n'kuikanso. 11 yemweyo.

Ndinamufunsa kuti poyambirira penipeni mawu ndi zithunzi anazikumanitsa bwanji, poti zinajambulidwa ndi makina awiri osiyana. Akuti mwa lamulo munthu amawomba m'manja kamodzi patsogolo pa kamera, pamenepo n'kukhala pomangira. Tsiku lija anaiwala. Mvula inkabwera, tonse tinkathamanga. "Koma musadandaule anganga, ndinamangira pamalo podalirika."

Brenda sindikumumvetsa madzulo ano. Amandiyang'ana, ndikamuyang'ana ayang'ana kumbali. Mwina za chinanazi.

Danieli waimba. Wapeza galimoto ya mnzake, afika mawa, anyamuka Lamulungu mbandakucha. Tsiku lathu lapita.

Mazira sindinawerenge. Brenda ndiye anatola.

Loweruka, 19 Julaye

Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa Godwin akadali kuzulazula mawaya. Ndinatsimikiza mtima: ndikawauza a Eneles kuti kanema sanathe, adzaonera kutsogolo. Bodza laling'ono. Ndisanamange nsapato yachiwiri, galimoto pabwalo. Danieli, a Hawa, amene ndi wachiwiri kwa mtsogoleri m'gulu lathu, ndi a Eneles pa mpando wakutsogolo, duku latsopano. Akuti chidzukire a Eneles akungoloza njira ya kuno ndi ndodo.

Tinawagwira mbali ndi mbali mpaka pa mpando wa Brenda. Ndinayamba kupepesa, makina, netiweki, chakutichakuti. Anagogoda ndodo pansi. Brenda anadina.

Nyimbo yoyamba. Ine pakati. Kamera itembenuka. Pakamwa, zii, mawu. Ndinayang'ana simenti.

Ndinamva kaphokoso pambali panga, ndinati akulira. Kuseka! Mapewa kugwedezeka. Kamera itabwerera kwa ine anakweza ndodo, gogodo pa sikirini, Brenda kugwira kuti isagwe. Pa nkhope yanga. "Uyu." Kudikira. "Uyu... wam'mbuyo."

Anamasulira ndi a Hawa, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Aphunzitsi, inu simudziwa? Inu mumayimba ndi maso. Mumadikira pakamwa pa a Eneles patseguke, ndiye panu patseguke. Gulu lonse limadziwa. Mumati timakuimikani pakati chifukwa cha ulemu? N'kuti muziwaona bwino!"

Zaka 31, palibe anandiuzapo. Kwathu bambo anali kalaliki wa esiteti, Chilomwe m'nyumba sankalola. Ndinachitola ndili wamkulu kale, pa milomo ya mayi yemweyu. Ine ndinkati sukuluyo ndinamaliza. Kani ndikadali kukopera kwa mnzanga wa pa desiki.

Godwin anatulukira pakhomo, nkhope ngati wagwidwa mumtengo wa mango a eni. Pamalo podalirika paja: pakamwa panga. "Nkhope yooneka bwino inali yanu yokha, anganga. Komanso ndinati aphunzitsi a masamu sangachedwe." Choncho anachedwetsa mawu a gulu lonse kuti andidikire ine. Brenda anavomera kuti anazindikira dzulo masana. "Ndikanayamba bwanji? Anganga, vuto ndinu?"

Sabata imodzi: khoswe ndine, netiweki ndine.

Godwin anabwerera kwake, kukoka mawu onse kuwabwezera zithunzi 11. Ntchito ya kuphethira kwa diso. Anakuwa pa kabowo: "Dina!"

Ndipo a Eneles anayimba. Pakamwa ndi mawu chinthu chimodzi. Khosi lowongoka, dzanja lamanja lija likuthyola mothamanga osayang'ana, masamba kuuluka kupita m'dengu. Danieli anatembenukira kukhoma, kuyang'ana kalendala ya chaka chatha nthawi yaitali.

Pa nyimbo yachitatu, ija yonyoza kapitawo wa pa sikelo, ndinamva mawu ena pambali panga. Mwiniwake. Pansipansi, koma mzere wathunthu, osadukiza. Kulankhula kumawakana, kuyimba kwawalola. A Hawa analowa. Ine ndinalowa, pambuyo pake ndithu. Tinaonera zonse 8, n'kuyambiranso. Anthu oyandikana nafe anadzaza pa zenera. Ndinatsegula ndekha.

Tsopano wochedwa m'kanema ndine ndekha, pakati penipeni, poonekera dziko lonse. Brenda anati angathe kundidula, pamene pali ine aike zithunzi za phiri. Ndinali pafupi kuvomera. Ndodo pansi, kawiri.

"Msiye." Kudikira. "Wanga... ameneyo."

Lolemba, 21 Julaye

Anapita dzulo. Ndinawaperekeza mpaka pa mseu waukulu. Kalongonda m'kontena, nthochi mkoko umodzi, mapeyala 8.

Danieli akuti mayi awo anaonera pa foni njira yonse, mpaka batire kutha cha ku Ntcheu. Kenako anapitiriza kuyimba okha.

Dzuwa lero, phiri lonse poyera. Ana ayamba ntchito ina, ukwati wa ku Milonde. Makompyuta akumvana. Ndinadutsa pa khonde la a Eneles popita kumsika, mpando anaulowetsa m'nyumba.

Lachitatu, 23 Julaye

A Hawa anaitanitsa gulu, koyamba chidwalire a Eneles. Pakhonde panga. Tinakwana 10, mmodzi ali ku maliro ku Thuchila.

Nkhani yafika kale paliponse. Wolowa aliyense: "Muli bwanji a Leveni?" Zithunzi 11 zija, dzina lakhala. Ndalilandira.

Tinaima. Palibe wofuna kuyambitsa pamalo pa mwini wake. Kukankhana zigongono, kutsokomola. Pomaliza a Hawa anavomera, koma anandiyang'ana kaye. "Lero muyang'ana pakamwa pa yani? Panga musayese, mano ndilibe, musochera."

Ndiye ndinatseka maso. Ndinawerenga mumtima, ndinakoka mpweya mmene amakokera a Eneles, n'kulowa.

Ndekha. A Hawa asanatsegule n'komwe pakamwa. Mzere wonse woyamba, mawu anga okha, okweza, mpaka nkhuku kubalalika. Ndinatsegula maso, amayi agwirana ndi phwete. Ndinafuna kukhala pansi. A Hawa anandikoka chilundu: "Mwayamba kale, pitirizani! Ife tikutsatani." Ndipo analowa pambuyo panga, onse 9. Nyimbo inayenda mpaka kumapeto. Akuti mawu awiri ndinawapotoza, koma kapitawo ananyozeka ndithu.

Kani Brenda ankajambula pa foni kuseri kwa katani. Watumiza kale kwa Danieli, osandifunsa. Akuti mayi awo aonera kawiri, ndipo ali ndi mawu oti andiuze okha, ndidikire, akuwasonkhanitsa.

Ndakhala apa ndi foni pa tebulo. Andinyoza, ndikudziwa. Tiyi wazizira. Mazenera sindinatseke.

Foni ikulira